Timizere ta m'Silinda ya Mjigo

Nkaya, Balaka
9 Julayi 2023

Wokondedwa mwana wanga Nelia,

Choyamba ndifunse za moyo wako kumeneko ku Pretoria. Akuti miyezi ino kukuzizira kwambiri, uzivala. Ife kuno tadzuka, amayi ako ali bwino kupatula bondo lija. Kalatayi ndapatsira Che Hamadi a ku Ntaja, anzanga oyendetsa lole aja, chifukwa nkhani ili munoyi si ya pa foni. Foni yathu timakatchajitsa pa shopu ya mlamu wake wa Goliati, ndipo mauthenga amayamba kuwerenga ndi iwo, eni akefe pambuyo.

Mwana wanga, dzina langa lada kuno. Zaka 26 ndikukonza mijigo, palibe anandilozapo chala. Namondwe wa mu Malichi uja atadzaza matope pansi, ndinazula mapaipi pa mijigo itatu: wa m'mudzi mwathu, wa kusukulu ndi wa kutchalitchi. Ndinachotsa matope, ndinabwezeretsa, madzi anatuluka oyera. Koma kuyambira pamenepo labala sakukhalitsa. Iwe unakulira pa ntchitoyi, ukumudziwa labala wakuda uja amene amakwera ndi kutsika m'kati mwa silinda ya mkuwa pansi pa mjigo, wokankha madzi uja. Kale ndikamuika ndinkaiwalako chaka chathunthu. Pano milungu itatu basi wanyenyeka, amayi akungopopa mphepo.

Ndinaganiza kuti silinda zakalamba. Kusukulu ndinaika yatsopano ya m'pepala, ndinakaitenga ndekha ku Balaka. Milungu itatu, labala watha. Apa ndiye anthu anapeza pokambira. Goliati, amene ndinamuphunzitsa ndekha kagwiridwe ka sipanala, akuyenda khomo ndi khomo kunena kuti ndimaika malabala achinyengo. A Elliam, apampando a komiti ya madzi, andiuza kuti zikapitirira mpaka mvula yoyamba aitanitsa msonkhano, andilande bokosi la zipangizo, alipereke kwa Goliati. Bokosilo ndi zitsulo chabe. Chikundiwawa n'choti andilande pamaso pa anthu ngati wakuba.

Chala changa chachikuluchi sichinandinamizepo. Ndapisa m'silinda zonse, n'zosalala, zowala moti ungadzionere nkhope. Ndiye vuto lili pati? Mutu wanga waima.

Iwe uli kusukulu yaikulu. Kunena zoona sindimvetsa chimene umachita kumeneko. Anthu akandifunsa ndimangoti za udokotala, chifukwa ndikati mwana wanga anapita kunja kukayang'ana zokandika pa zitsulo angandiseke. Koma ngati kumeneko kuli wina wodziwa za mijigo, undifunsireko. Ukapeza mpata unditumizirenso magalasi owerengera, awa athyoka mwendo.

Ndine bambo wako,
Amosi

Pretoria
27 Julayi 2023

Okondedwa Ababa,

Kalata yanu ndaiwerenga katatu, kachitatu ndili ndi mkwiyo. Goliati yemwe uja ankadya pakhomo pathu? Ine ndili bwino, kuzizira ndazolowera. Magalasi ali m'phukusi momwemu, ndawakulunga m'sokosi.

Mwati ndikufunsireni wina wodziwa. Ababa, wina wake uti? Ntchito imeneyi ndi yanga yomwe ija mumachita nayo manyazi. Ndikufotokozereninso, mwina ulendo uno mumvetsera poti yakugwerani pakhomo. Chitsulo chilichonse, chingawale bwanji, pamwamba pake pali timapiri ndi tizigwa timene diso siliona, chala sichimva. Ife tili ndi makina otchedwa maikulosikopu. Amaunika pa chitsulo n'kujambula pang'onopang'ono kuyambira pansi pa kachigwa mpaka pansonga ya kaphiri, kenako kompyuta imatiuza kuti pakhakhala motani. Muyeso wake timautcha maikulomita. Tsitsi limodzi la m'mutu mwanu, mwa lochepa latsalalo, kunenepa kwake ndi maikulomita pafupifupi 70. Ife kuno timakangana pa theka la imodzi.

Za udokotalazo simunaname kwenikweni. Zimene ndimayeza tsiku ndi tsiku ndi zitsulo zimene madokotala amaika m'thupi mwa munthu amene fupa la m'chiuno latha. Mbali yolowa m'fupa imafunika yokhakhala kuti fupalo ligwire. Kampira kozungulira m'chiuno kamafunika kosalala kwambiri, apo ayi kamadya chinzake, munthu n'kubwerera ku opaleshoni. Labala wanu ndi silinda yanu ndi nkhani yomweyo. Ziwiri zikukhulana, china chikudya chinzake, ndipo ine ndikhoza kuona chimene chikudyacho.

Chitani izi. Pa silinda yakale imene munachotsa kusukulu ija, chekani kachidutswa kotalika ngati chala. Muikenso labala mmodzi wotha ndi mmodzi watsopano. Chonde musapukute, musatsuke, musapake chilichonse. Ndikufuna ndichione mmene chinatulukira m'mjigo. Aphunzitsi anga andilola kugwiritsa ntchito makinawo Loweruka limodzi. Mundiperekere moni kwa Amayi.

Ndine mwana wanu,
Nelia

Nkaya
20 Ogasiti 2023

Nelia mwana wanga,

Moni. Magalasi afika, ndikuona mpaka nyerere. Katundu wako ndi ameneyu. Ndinacheka Lachinayi n'kusiya pawindo, amayi ako ndi amene amanga phukusi, aikamonso mtedza ndi mfutso. Labala wa kutchalitchi wathanso dzulo, masiku 19 okha. Ndikamadutsa pamjigo amayi amasiya kucheza, amayambiranso ndikafika pa mtengo wa mango. Fulumira.

Bambo wako,
Amosi

Pretoria
8 Sepitembala 2023

Ababa,

Moni, koma lero ndiyamba ndi dandaulo. Ndinalemba momveka bwino kuti musatsuke. Ndatsegula phukusi, chidutswa chikung'anima ngati mphete ya ukwati, chikununkhira sopo. Nditachiika pa makina ndinangogwira m'chiuno. Paliponse ndi mizere yatsopano yakuya, ina muli timchenga tokanirira. Zonse zimene mjigo unasiya pa chitsulochi zafufutika. Loweruka limene ndinachita kupempha mogwada lapita pachabe, ndipo lina sindidziwa kuti andipatsa liti.

Ndikudziwa kuti ndi Amayi. Muwauze kuti si chinthu chilichonse chimafuna kukwecha, ichi si poto.

Chimodzi chokha ndapeza. Labala watsopano uja ndamuyeza, ndi wabwinobwino, si wachinyengo. Koma zimenezi pazokha sizingamutseke pakamwa Goliati, adzangoti mwanditumizira wabwino n'kubisa oipawo. Mtedza ndalandira, zikomo.

Nelia

Nkaya
24 Sepitembala 2023

Nelia,

Moni sindikupatsa wambiri chifukwa iwenso sunandipatse. Abambo ako anabisa kalata yako m'buku la nyimbo, ngati kuti ine sindipita kutchalitchi. Ndawerenga yonse. Eti ichi si poto. Zikomo kwambiri, mayi a sukulu.

Inde ndinakwecha ndine. Iwe umafuna chitsulo chobiriwira ndi ndere, chonunkha matope, chiwoloke malire a mayiko, akachitsegule maprofesa kumeneko, azinena kuti kwawo kwa mtsikanayu n'kotere? Ine ndili moyo, iyayi. Kuyambira uli kumsana palibe chinthu chinatuluka m'nyumba muno chili chakuda.

Ndipo usandiphunzitse za silinda. Ndazikwecha ine silinda, osati imodzi. Nthawi ya namondwe ija abambo ako atazula mapaipi, anakwera njinga kupita ku Balaka kukafuna guluu, zinthu anangozisiya pa udzu zili matope okhaokha. Ife amayi a komiti tinafunsana kuti anthu azimwa madzi odutsa m'zimenezi? Tinakatapa mchenga wabwino ku mtsinje wa Rivirivi. Tinamangirira chitsononkho ku nsungwi, kuchinyowetsa, kuchiviika mumchenga, kulowetsa m'kati n'kumazunguliza mpaka mkuwa kuwala. Mijigo yonse itatu tinatero. Abambo ako atabwera anapisa chala, akuti koma ndiye mwatsuka amayi, anatithokoza. Ngakhale yatsopano ya kusukulu ija inabwera ikununkha mafuta a ku fakitale, ndinaikwecha ndekha m'mawa iwo akumwa tiyi. Ana a sukulu amwe mafuta? Ndiye ngati chitsulo chako chaonongeka chifukwa chotsuka, makina akowo ndi aulesi.

Za kuno ndi izi. Abambo ako aonda. Asiya kupita ku bawo ku siteshoni, amangokhala pakhonde kupukuta masipanala. Goliati wagula kale ovolosi yatsopano, akuyenda nayo ndi kumsika komwe. Usaone kukalipaku, mtima ukundipweteka mwana wanga. Ngati uli ndi nzeru yothandiza bambo wako, thandiza. Ngati ulibe, tumiza mankhwala opaka bondo.

Ndine mayi wako amene anakukwecha iwe mpaka unakula,
Bernadetta

Pretoria
6 Okutobala 2023

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira muli bwino. Amayi ndinawalankhulira mwano, muwapepesere, mankhwala a bondo ndi awa. Kalata yawo yandipatsa ganizo, koma sindinena ndisanayeze. Ntchito yathu imaletsa kulota.

M'phukusimu muli timabotolo tiwiri ta phala, loyera ndi labuluu. Ndi longa lija adokotala a mano amadindira nkhama. Musakanize muyezo wofanana, mumate m'kati mwa silinda, mudikire mphindi khumi, liuma ngati labala. Mukalimatula limatenga maonekedwe a chitsulocho, kachigwa kalikonse, ndipo ine ndidzayeza chidindocho m'malo mwa chitsulo. Motero simuchekanso silinda.

Mudinde malo atatu. Silinda yatsopano imene ili m'mjigo wa kusukulu. Silinda ya m'sitolo ku Balaka imene sinagwirepo ntchito. Yachitatu ikhale ya mjigo umene munakonza inu, ndi malabala a paketi yomweyo, koma kutali ndi kwathu. Uja wa pamzikiti wa Che Hamadi ku Ntaja ungachite. Kumbuyo kwa chidindo chilichonse mulembe muvi woloza kumwamba kwa silinda. Muviwo musaiwale, ndi wofunika kuposa zonse. Muike chilichonse m'kapepala kake ka pulasitiki, phukusi mumange nokha, ndipo lisagone pawindo.

Nelia

Nkaya
23 Okutobala 2023

Mwana wanga Nelia,

Tili moyo. Ndachita zonse monga unanenera. Wa sitolo ku Balaka anakana poyamba, amati ndimudetsera katundu, koma ataona phala likumatuka osasiya banga anapempha kuti ndimudindirenso kiyi wa njinga yake yamoto.

Ku Ntaja ndinapita Lachitatu. Akuluakulu a mzikiti anandilandira bwino, anandipatsa anthu othandiza kuzula mapaipi. Nelia, labala wa kumeneko ndinamuika mu Febuluwale, paketi yomweyi. Mjigo umene uja supuma, opemphera, a mumsika, a kabaza, onse ndi pomwepo. Labala ali bwinobwino. Ndinamugwira m'manja misozi inalengeza, Che Hamadi anayang'ana kumbali.

Kusukulu ndiye kunali zina. Goliati anandipeza ndikumata phala labuluu m'silinda. Pofika madzulo Nkaya yense amadziwa kuti Amosi zamukanika, wayamba kuthira mankhwala a kwa sing'anga m'mijigo. A Elliam sanadikirenso mvula. Msonkhano auika Loweruka pa 25 Novembala, pamjigo wa kutchalitchi, ndipo andiuza kuti ndidzabwere ndi bokosi. Zidindo zako ndi izi, mivi ndalemba. Ngati makina ako ali ndi mawu, alankhule tsikulo lisanafike.

Bambo wako,
Amosi

Pretoria
9 Novembala 2023

Okondedwa Ababa,

Khalani pansi muvale magalasi. Makina alankhula, ndipo inu mulibe mlandu. Ndasindikiza zithunzi zitatu zazikulu, chilichonse ndi kamalo kochepa kuposa njere ya mapira.

Choyamba ndi silinda ya m'sitolo. Kukhakhala kwake ndi maikulomita 0.4. Ndi mmene iyenera kukhalira.

Chachiwiri ndi cha ku Ntaja. Ndi 0.3, yosalala kuposa yatsopano, chifukwa labala wakhala akuipukuta. Onani timizere take, tonse tikutsata muvi, kukwera ndi kutsika, njira yomwe labala amayenda. Timizere totere sitimupweteka.

Chachitatu ndi cha kusukulu. Ndi 3.2, kuposa cha ku Ntaja kakhumi. Koma choopsa si nambalayo. Onani kumene mizere yaloza. Yapingasa muvi, yazungulira silinda yonse, yakuya, ya m'mbali mwakuthwa. Mjigo sungalembe mizere yotere, chifukwa m'mjigo mulibe chimene chimazungulira. Yalembedwa ndi mchenga pa chitsononkho. Labala akamakwera ndi kutsika amawoloka mizereyo ngati akupalidwa pa tupa, tsiku lonse, tsiku lililonse. Ndinabwerera ku chidutswa ndinakalipira chija, ndinakhulapo labala wanu watsopano pa makina, ndipo anayamba kugwa fumbi lakuda nthawi yomweyo. Chidutswacho sichinaonongeke ayi. Yankho linali pomwepo kuyambira Sepitembala, ine ndi mkwiyo wanga sindinalione.

Chala chanu sichinakunamizeni dala. Chitsulo chokwecha chimawala, ndipo chikanyowa chimaterera. Aliyense akanati n'chosalala. Silinda zitatuzo sizingakonzeke, zikufunika zina, zosakwecha. Madzi ndi kansalu kofewa basi.

Ababa, ndasangalala moti anzanga a mu labu andifunsa ngati ndapeza banja. Koma ndikudziwa kuti zithunzizi zikuyeretsa inu n'kudetsa Amayi. N'chifukwa chake sindinaimbe foni. Anachita ndi mtima wabwino, palibe anawauzapo. Mmene mungazinenere pamsonkhano ndasiyira inu.

Ndine mwana wanu,
Nelia

Nkaya
23 Novembala 2023

Nelia,

Kalata yako yafika lero, kwatsala masiku awiri. Lole ya Che Hamadi inafera ku Tete sabata yathunthu, atafika sanapite n'kwawo komwe, anayamba kuno.

Ndaona zithunzi. Ndaziyang'ana mpaka maso kuwawa. Mwana wanga, uli ndi ntchito yeniyeni, ndipo ine ndinali wopusa kuchita nayo manyazi. Mtima wanga wamasuka, tsopano ndikudziwa kuti manja anga sanalakwe.

Koma pamsonkhano sindikazionetsa. Amayi ako ndakhala nawo zaka 31. Mudzi uno umawadziwa ndi ukhondo, ndiwo amayala nsalu za paguwa kutchalitchi. Ndiimirire ine pagulu, ndinene kuti amene anamwetsa anthu madzi a m'chithaphwi miyezi isanu ndi itatu ndi mkazi wanga? Adzawaimba nyimbo pamjigo mpaka imfa. Ine ndakalamba kale, bokosi alitenge. Goliati ndidzamuuza mwakachetechete kuti asinthe silinda, anthu amwe madzi. Usandikwiyire, ndipo amayi ako usawauze.

Bambo wako,
Amosi

Nkaya
27 Novembala 2023

Nelia mwana wanga wokondedwa,

Lero moni ndikupatsa wodzaza dengu. Uli bwanji? Bondo likupola, mankhwala ako ndi amphamvu. Khala pansi ndikuuze, chifukwa abambo ako akakulembera adula zokoma zonse.

Ulendo uno kalata yako sanabise m'buku la nyimbo. Anabisa pansi pa bokosi la zipangizo, kunsi kwa masipanala. Anaiwala kuti akwatira ndani. Loweruka m'mawa ndinati bokosili likupita kwa eni ake, koma silichoka m'nyumba mwanga lili ndi girisi. Ndikukhuthula kuti ndipukute, envelopu iyo. Ndinawerenga nditakhala pa mtondo. Nelia, manyazi anandigwira. Ndinalira, ndisakunamize. Kenako ndinapeza ina yolembera iwe, yosamata, yonena kuti bokosi alitenge. Apo ndiye ndinapukuta misozi, ndinavala chitenje cha chigwirizano. Zithunzi ndinaika m'thumba, pamodzi ndi silinda yakale yochekedwa ija, labala mmodzi ndi nsungwi yanga ya chitsononkho.

Anthu anadzaza mpaka kumpanda wa tchalitchi. Bokosi analiika pakati. Goliati anakhala kutsogolo ndi ovolosi yake, pamiyendo atanyamula silinda yatsopano ya m'pepala, yoti akaike akangolandira udindo. A Elliam anafotokoza mlandu, kenako anati, "A Amosi, muli ndi mawu?"

Abambo ako anavula chipewa. "Ndilibe."

"Ine ndili nawo," ndinatero ine.

Abambo ako anandiyang'ana, anaona thumba, anadziwa. "Amayi a Nelia, khalani pansi."

"Ndakhala pansi miyezi isanu ndi itatu inu mukuonda. Lero ndiima."

Ndinauza anthu kuti amene akudya malabala si a Amosi, ndi ine ndi nsungwi iyi. Ndinaikweza m'mwamba. Ndinapereka zithunzi kwa a Elliam, ndinafotokoza monga unalembera, za mizere yotsata muvi ndi yopingasa. Manambala ndinawerenga ndekha, sindinaphonye. Che Hamadi anaimirira kumbuyo n'kuchitira umboni kuti kwawo ku Ntaja labala wa paketi yomweyo akadali moyo.

Goliati anaseka. "Zithunzi za ku Joni izi, mwana aliyense angajambule zoyeretsa bambo wake. Ndipo ngati n'zoona, ndiye kuti nyumba imodzi, mwamuna akonza, mkazi aononga."

Ndisanayankhe, Sofia mkazi wake yemwe anadzuka pakati pa amayi. "Mchengawo ndinasenza ndine kuchokera ku Rivirivi. Ndowa ziwiri. Inu munandithandiza kutula."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira pamimba. Kenako anadzuka wina, anadzukanso wina. Amayi asanu ndi anayi tinaima pamenepo, tonse okwecha. Manyazi amene ndinkaopa aja sindinawaonenso.

Koma a Elliam ndi munthu wosakhutira msanga. Anati zithunzi aziona, koma akufuna aone ndi maso awo. Ndinawapempha mpango wawo woyera, ndinauyala pabenchi. Ndinatenga labala, ndinamukhula m'kati mwa silinda yakale, kukwera kutsika, mpaka mkono kutopa. Nditagogoda, fumbi lakuda linagwera pampango. Ndiye ndinati, "A Goliati, tabwereka yanuyo." Anakana, koma Sofia anangoisolola pamiyendo pake. A Elliam anakhula okha, anakhula mpaka thukuta, anatembenuza mpango, anagogoda. Mpango mbee.

Kenako a Elliam ananyamula bokosi ndi manja awiri, anapita pamene anakhala abambo ako, anawerama. "A Amosi, tinakulakwirani. Mutikhululukire, ndipo silinda iyi mukaike ndinu." Anthu anaomba m'manja, amayi nthungululu. Abambo ako anavalanso chipewa chawo. Goliati anazemba, koma dzulo wabwera pakhomo m'mawa, wopanda ovolosi, kudzafunsa ngati angathandize kuzula mapaipi mawa. Abambo ako amulola. Ine ndikanamuyamba ndi mawu awiri atatu.

Bokosi ndinasenza ndine pamutu pobwerera. Njira yachidule ilipo, koma ndinadzera kumsika, ndinadzera ku siteshoni pamene amasewera bawo, ndinayenda pang'onopang'ono ndi bondo langali kuti aliyense aone kumene likupita.

Chithunzi chachitatu ndachipachika pabalaza. Abambo ako akuti n'chochititsa manyazi, ine ndati iyayi. Tayang'ana mmene mizereyo yayendera, yofanana, palibe pamene ndinadumpha. Uwauze maprofesa akowo kuti limenelo ndi dzanja la mayi wako. Ndakukhululukira za poto zija.

Ndine mayi wako,
Bernadetta

Nkaya
18 Febuluwale 2024

Wokondedwa mwana wanga Nelia,

Tili bwino, chimanga chamasula. Ndikulembera kuti udziwe kuti labala wa kutchalitchi wakwanitsa masiku 82 lero, ndipo akukoka madzi ngati ndamuika dzulo. Kusukulu ndi m'mudzi tasinthanso silinda. Zikafika ndimazitsekera m'bokosi, kiyi ndimayenda naye m'khosi. Amayi ako akuti ndikuwanyoza, koma Lachiwiri ndinawapeza ataima pafupi ndi bokosilo, sopo ali m'manja.

A komiti ya ku Nselema atuma uthenga, nawonso malabala akutha msanga. Ndawauza kuti ayambe afunsa amayi awo za mchenga. Ngati phala labuluu lija lilipo lina, tumiza.

Ndinabwerera ku bawo. Dzulo kunali mlendo wodikira sitima ya ku Nayuchi, anandifunsa kuti mwana wanga amagwira ntchito yanji ku Joni. Za udokotala sindinatchule. Ndinati amayeza zokandika pa zitsulo, zimene chala changa sichingamve. Munthuyo anayamba kuseka. Palibe anaseka naye. Ndinatulutsa chithunzi cha ku Ntaja m'thumba la malaya, ndinavala magalasi ako, ndinamufotokozera kuyambira pa muvi, ndipo bawo inaima mpaka nditamaliza.

Ndine bambo wako,
Amosi